Nyengo ya Cisanu ndi Moto wa Madzulo m'Mbiri ya Mabanja Athu

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba, miyezi ya Junho ndi Julho ndi imene makalasi athu amadzaza, pakuti zokolola zalowa m'nkhokwe ndipo khasu lapumula. Ndi miyezi yomweyonso imene cisanu cimaluma koposa. Ambiri a ife timaiona ngati nyengo yongopirira, kudikira kuti Setembro abwere ndi kutentha kwake. Koma tikafunsa mbiri tipeza kuti kwa makolo athu iyi ndiyo idali nyengo ya banja. Ana ndi akulu ankakhala pamodzi nthawi yaitali kuposa m'miyezi ina yonse, ndipo zambiri zimene munthu ankadziwa za mtundu wake, za cilankhulo cake ndi za khalidwe adaziphunzira pa moto wa madzulo a m'cisanu. M'nkhani ino tifuna tione mmene zinkakhalira, cimene cidazisokoneza, ndi cimene ife a makalasi tingacitepo.

Cisanu ca kwathu kuno

Mbali yaikulu ya dziko la anthu olankhula Cinyanja muno m'Moçambique ndi yokwera. Ulongwe ili pamwamba mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja ya mcere, phiri la Domwe lipitirira mamita 2,000, ndipo Lichinga nayo ipitirira mamita 1,300. N'cifukwa cake munthu wocokera ku Tete, kumene thukuta silileka, akafika ku Tsangano mu Julho amafunsa ngati akadali m'dziko lomwelo. Zaka zina cisanu cimawaula ndiwo za m'madimba usiku umodzi wokha. Kunyanja, ca ku Metangula ndi ku Cóbuè, iyi ndiyo nyengo ya mwera, mphepo yocokera kumwera imene imautsa mafunde n'kusunga asodzi pamtunda masiku angapo. Ku Milange kumabwera nkhungu ndi mvula yowaza ija ya ciperoni, imene dzina lake lidacokera ku phiri la Chiperone la m'dera lomwelo, ngakhale anzathu a ku Malawi amalichula ngati lawolawo.

Mu Junho dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo usiku umatenga pafupifupi maola 13. Makolo athu adalibe mabulangete. Ankafunda ciwondo, nsalu ija yosula ku khungwa la mtengo wa mombo, kapena zikopa. Cofunda ceniceni cidali moto. Acikulire ambiri adali ndi mbala m'miyendo cifukwa coothera pafupi, ndipo citsa cimodzi cacikulu cinkanyeka pang'onopang'ono mpaka m'bandakuca.

Tsono taonani zinthu zitatu zimene zinkakumana m'nyengo imeneyi. Cakudya cidalipo, pakuti anthu angokolola kumene. Usiku udali wautali ndi wozizira, moto uli umodzi. Ndipo anthu onse a pabanja adali pakhomo, popanda wogona kumunda kuingitsa nguluwe kapena anyani. Mu Janeiro ndi Fevereiro munthu ankabwera kumunda ali wotopa, mimba ili pululu, n'kugona osayankhula. Nthano sikoma ndi njala. M'cisanu ndimo mudali mpata.

Masana a m'cisanu

Tisaganize kuti idali nyengo ya ulesi ai. Nchito idalipo yambiri, koma idali ya mtundu wina: yogwira anthu atakhala pansi, pamodzi, pakamwa pali pomasuka. Amai ndi ana ankatonola cimanga, kupuntha mapira ndi mawere, kuswa mtedza, ndi kufutsa ndiwo zosungira m'zikwatu. Abambo ankaluka nkhokwe, madengu, malicero ndi mphasa, mnyamata ali pambali kuwaza nsungwi. Iyi ndiyonso nyengo yomweta udzu wofolera nyumba, youmba mbiya, ndipo kale kwambiri ng'anjo zosungunulira citsulo zinkayaka m'cilimwe momwemu. Mwana sankauzidwa kuti lero tiphunzira kuluka. Ankangopatsidwa nsungwi, n'kulakwa, n'kusekedwa pang'ono, n'kukonzedwa.

Ana nawo adali ndi sukulu yawoyawo, ndiyo masanje. Minda ikakololedwa ankapita kukakunkha zotsala, n'kumanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi. Kumeneko kudali amfumu, abambo, amai, ngakhalenso fisi woba ndiwo. Atsikana ankaphika nsima yeniyeni m'timiphika, anyamata n'kupita kokakumba mbewa. Mlandu ukabuka ankauweruza okha monga adaonera pabwalo. Akulu ankangoyang'anira capatali, ndipo nthawi zina kambale ka nsima ya kumasanje kankafika kwa agogo kuti alawe. Mtsikana amene nsima yake yacita mitanda ankadziwira pomwepo, asadafike pabanja.

Madzulo

Dzuwa likapendeka m'midzi yambiri munkacitika cidyerano. Mbale za nsima zocokera m'nyumba zosiyanasiyana zinkakumana, amuna ndi anyamata paokha, amai ndi atsikana paokha. Mwana wamasiye ankadya cimodzimodzi ndi mwana wa mfumu, ndipo nyumba imene ndiwo zavuta tsiku limenelo siinkadziwika. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Akatha kudya, anyamata osinkhuka ankapita kumphala, kumene Angoni ankati laweni, ndipo atsikana ankapita kukuka, kunyumba ya agogo akazi. Pakati pa Acewa, amene mtundu umatsata kwa mai ndipo mwamuna amakakhala cikamwini kwa mkazi, agogo akazi ndiwo adali mwini nkhokwe ya mau. Ndiwo ankadziwa kuti mbumba iyi idacokera kuti, adaitsogolera ndani, manda akale ali pati, ndi cifukwa cake awa ndi a Phiri, awo ndi a Banda. Pakati pa Angoni a Maseko, amene adakhazikika ku Domwe ca m'ma 1870 ndipo dera la Angónia lidatenga dzina lawo, anyamata ankamva za ulendo wautali wa makolo awo kucokera kumwera, za kuoloka Zambezi, ndi za ng'ombe.

Nthano idali ndi malamulo ake. Masana siinkaloledwa, ndipo ana ankaopsezedwa kuti akayesa ziwaonekera zoipa. Tikaganiza bwino, akulu ankangoteteza nthawi ya nchito. Wokamba ankayamba ndi mau akuti "Padangotero", onse n'kuvomera kuti "Tili tonse". Kuvomeraku kunkapitirira pa ciganizo ciliconse, kotero kuti amene wayamba kusinza ankadziwika msanga. Pakati pa nthano pankabwera nyimbo, wokamba kutsogolera, ana kuyankha. Palibe amene ankangokhala duu. Kalulu ndi ucenjezi wake, Fisi ndi umbombo wake, Kamba ndi kudekha kwake, mtsikana wokana amuna onse n'kukwatiwa ndi cirombo, zonsezi zinkaphunzitsa popanda kuloza munthu cala. Mwana waumbombo ankamva yekha kuti Fisi uja ndi iye.

Kudalinso zilape, zimene ena amati ndagi. Wina akati "Cilape!" anzake amati "Nacize!" Kenaka: nyumba yopanda khomo. Ana amaganiza, kulakwa, kuyesanso, mpaka wina atati dzira. Zikakanika, ankamlipira wofunsayo ng'ombe ya pakamwa cabe kuti aulule. Ife aphunzitsi tiyenera kuona cimene cinkacitika apa. Mwana ankaphunzira kumvetsera mau bwinobwino, kufanizira cinthu ndi cinzake, kusunga zinthu m'mutu, ndi kuyankhula pagulu osacita manyazi. Izi ndi zomwezo zimene timavutika kuphunzitsa anthu akuluakulu m'kalasi.

M'phulusa munkakhala mbatata, ndipo pamoto phale la cimanga cokazinga kapena mtedza. Nthano ikatha, m'madera ambiri wokamba ankati "Kaphuleni mbatata", ana n'kuyankha kuti "Yapserera". Mau amenewa ali ndi mbiri yawo. Mbatata, cimanga ndi mtedza si mbewu zoyambira kuno. Zidacokera ku America, ndipo zidafika mu Afirika pambuyo pa caka ca 1500 kudzera m'zombo za amalonda. Dzina loti mbatata n'locokera ku mau a Cipwitikizi akuti batata. Makolo akale kwambiri ankadalira mapira ndi mawere. Ndiye kuti mathero a nthano amenewa adabadwa mbatata itafika kale. Phunziro lake n'lakuti mwambo wa pamoto sudali couma ngati mwala. Unkalandira zatsopano n'kuzisandutsa zake.

Mwezi ukawala, mudzi wonse unkatuluka. Atsikana ankavina citelele, ana n'kuthamangitsana pa cipako, amuna ena ali pa nchuwa kufikira mdima. Miyambo ikuluikulu monga cinamwali, maukwati ndi zikumbutso za omwalira inkadikiranso zokolola, pakuti pamafunika cakudya ca alendo. Gule wamkulu naye ankaoneka kawirikawiri m'nyengo yomweyi, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidamuchula pakati pa cuma ca miyambo ya anthu, m'dzina la Malawi, Moçambique ndi Zambia.

Tisakometsere zakale mopitirira. Utsi wa m'nyumba unkadwalitsa maso ndi cifuwa, makanda ankagwera pamoto, ndipo nthano zina zinkadzala mantha. Koma palibe angakane kuti mwana wa nthawi imeneyo ankamva mau a akulu ake maola ambiri tsiku lililonse.

Amuna acoka pamoto

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 lidadula malire pakati pa anthu amodzi, mbumba ina ku Dedza, ina ku Angónia. Kenaka udabwera msonkho wofuna ndalama, ndipo lamulo la nchito la mu 1899 lidati munthu wakuda aliyense wamwamuna ali ndi udindo wogwira nchito, akapanda kutero boma limgwiritsa mokakamiza. Ici ndi cibalo cimene agogo athu ankacichula monong'ona. Nanga masupayi ankabwera liti? Kawirikawiri m'cilimwe, misewu itauma, nthawi yomwe ija amuna adali pakhomo. Ena ankatengedwa kukalima misewu, ena kuminda ya azungu. Ambiri adasankha kuthawa okha, kupita kumafamu ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Amene sadabwerere tidawacha machona.

Pamoto padatsala amai, agogo ndi ana. Nthano siidafe, pakuti eni ake enieni adali amai, koma mnyamata adasowa womuonetsa kuluka nkhokwe. Ndipo apa mpamene kalata idayamba kulowa m'macezo a madzulo. Kalata yocokera ku Salisbury inkadikira munthu wodziwa kuwerenga, nthawi zina wa m'mudzi wina, ndipo zinsinsi za banja zinkamveka ndi mlendo. Anthu ambiri adayamba kulakalaka kuwerenga cifukwa ca zimenezi. Koma sukulu zidali zocepa, ndipo boma la atsamunda linkafuna Cipwitikizi. Mishoni ya Mphatso ku Angónia, imene idayamba mu 1909 ndipo inkaphunzitsa anthu kuwerenga m'Cinyanja, idatsekedwa mu 1922. Cibalo cidathetsedwa pa pepala mu 1961, citadya kale mibadwo iwiri.

Moto uzimitsidwa

Nkhondo yomenyera ufulu idayamba pa 25 Setembro 1964, ndipo idakula m'cigawo ca Tete kuyambira mu 1968. Ku Niassa ndi ku Tete asilikali a Cipwitikizi adasonkhanitsa anthu ambiri m'midzi yocingidwa, ya aldeamento, kutali ndi minda ndi manda a makolo awo. Ufulu udabwera pa 25 Junho 1975, pakati peni peni pa cisanu. Pa nthawiyo anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankadziwa kuwerenga. Boma latsopano lidayambitsa nchito yaikulu ya alfabetização mu 1978, ndipo anthu adalowa ndi mtima wonse. Koma maphunzirowo adali m'Cipwitikizi cokha. Gogo wodziwa nthano makumi asanu ankakhala m'kalasi ngati mwana wosadziwa kanthu, ndipo ambiri adaleka panjira.

Kenaka idafika nkhondo ya pacibale, imene idapsereza madera athu makamaka m'zaka za m'ma 1980. Amene adaiona akudziwa. Anthu ankagona m'chire ndi m'mapanga, mu Junho momwemu, osayatsa moto pakuti kuwala ndi utsi zikadawaulula. Mwana akafuna kulira ankatsekedwa pakamwa. Mungakambe bwanji nthano yofuna nyimbo ndi kuvomera mokweza pamene ngakhale kutsokomola n'koopsa? Cibalo cidacotsa amuna pamoto, koma nkhondo idazimitsa motowo.

Anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ku Dedza, Ntcheu, Mwanza, Mulanje, Nsanje ndi kwina, ndipo ena adapita ku Zambia, ku malo monga Ukwimi. Kumeneko nkhuni zidali zosowa, cakudya coyeza, ndipo mbumba zidabalalika, agogo uku, adzukulu uko. Acikulire ambiri adatsikira kuli cete kucilendo, nkhokwe zawo za mau zisadatsegulidwe. Komabe padali phindu limodzi: ana ndi akulu ena adaphunzira kuwerenga Cicewa kumeneko, n'kuona ndi maso awo kuti cilankhulo ca pamoto cimalembeka. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, ndipo pofika mu 1995 anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adali atabwerera kucokera m'maiko oyandikana nafe.

Kucokera pamenepo cilankhulo cathu cidayamba kupeza malo. Msonkhano woyamba wokonza kalembedwe ka zilankhulo za dziko lino udacitika ku Maputo mu 1988. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma lidayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, ndipo Cinyanja ca ku Tete cidali cimodzi mwa zilankhulo ziwiri zimene zidasankhidwa, pamodzi ndi Cicangana ca ku Gaza. Koma ulendo ukadali wautali: kalembera wa mu 2017 adapeza kuti akulu pafupifupi 39 mwa 100 alionse sadziwa kuwerenga, ndipo ambiri mwa iwo ndi amai.

Pamene tili lero

Ana amene adabadwa m'chire ndi m'misasa ya othawa nkhondo ndiwo makolo a lero, ndipo ambiri ndi amene amakhala pa mabenci a makalasi athu. Tikawafunsa nthano, ena amayamba bwino n'kuima pakati, nyimbo yake yaiwalika. Si kulakwa kwawo. Munthu sangapatse mwana cimene iye sadalandire. Pamwamba pa izi, mitengo yatha m'mapiri ambiri, kotero moto umazimitsidwa nsima ikangopsa. Anyamata ali kokaonera kanema pamsika, abambo khutu lili pa wailesi, ndipo foni imodzi imatha kukhalitsa cete nyumba yonse. Anthu ali pamodzi, koma aliyense ali kwake.

Sitikunena kuti titaye mafoni ndi nyale za sola. Paja taona kuti mbatata idalowa m'nthano ngakhale idali yacilendo. Funso n'lakuti zatsopanozi tizigwiritsa bwanji. Ndipo apa inu atsogoleri muli ndi mwai umene ena alibe, cifukwa mumakumana ndi makolo kawiri kapena katatu pa sabata m'miyezi yomweyi.

Coyamba, perekani nchito ya kunyumba imene munthu sangaigwire yekha. Wophunzira apite kwa munthu wacikulire wa pabanja pake madzulo, ana ali pomwepo, akapemphe nthano imodzi kapena zilape zitatu. Mawa lake azikambe m'kalasi, inu mulembe ziganizo zazifupi pa bolodi monga mmene wazinenera, ndipo kalasi iwerenge zimenezo. Munthu amawerenga msanga mau amene akuwadziwa kale.

Caciwiri, sungani kope limodzi la kalasi. Pa nthano iliyonse lembani dzina la wokamba ngati walola, mudzi wake, ndi caka. Musakonze mau ake kuti afanane ndi a m'buku. Ngati wa kunyanja anena mosiyana ndi wa ku Furancungo, lembani zonse ziwiri, pakuti kusiyanako ndi mbiri. Amene ali ndi foni ajambule mau a nyimbo za m'nthano, cifukwa pepala silisunga maimbidwe.

Cacitatu, musaiwale mbiri ya banja. Wophunzira aliyense alembe maina a agogo ake, ciwongo cawo, kumene adabadwira, kumene adathawira ndi caka cimene adabwerera. Mzere umodzi pa munthu mmodzi ndi wokwanira poyamba. Koma pa za nkhondo tiyende mosamala. Ena mabala awo sadapole, ndipo amene safuna kuyankhula tisamkakamize.

Cacinai, limbikitsani kuti banja lisankhe madzulo amodzi kapena awiri pa sabata, wailesi itsekedwe, manja agwire nchito yotonola kapena kuswa mtedza, ndipo agogo akambe, mwana wa sukulu awerenge, mai amene ali m'kalasi mwanu aonetse zimene walemba. Mai akawerenga dzina lake pamaso pa ana ake, sabwereranso m'mbuyo. Muwakumbutsenso kuti mbaula ya makala siigona m'nyumba yotseka, pakuti mpweya wake umapha anthu ali m'tulo osamva fungo, ndiponso kuti khanda ndi munthu wodwala khunyu asasiyidwe okha pafupi ndi moto.

Akale adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, kunena kuti nkhani yovuta imathera kwa iwo. Koma acikulire amene adakula cidyerano ndi kuka zikadalipo atsala owerengeka m'mudzi uliwonse, ndipo cisanu ciliconse cimatengako ena. Nthano imene sitiilemba caka cino mwina caka ca mawa sitidzapeza woikamba. Cotero pamene mukonza maphunziro a sabata ino, yambani ndi funso ili kwa ophunzira anu: m'banja mwanu wamkulu koposa ndani, ndipo mudakhala naye liti pamoto? Makope anu akadzadzaza, tumizani zina kuno kuti anzathu a m'makalasi ena adzawerenge nawo.